Tenti ya kuseri kwa chipatala

Amuna anga anali ndi mphumu kuyambira ali mnyamata. Ndinakwatiwa nawo ndikudziwa, ndipo chifuwa chawocho tinachizolowera ngati mlendo amene satsanzika. Chikayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, ine ndinkatsekula mawindo, iwo n'kupopera mankhwala awo mkamwa, n'kukhala pampando atawerama mpaka chitaleka. Anthu a mumpanda umene tinkachita lendi ankawatcha a Mawaya, chifukwa ankakonza mawayilesi, masimbi ndi maketulo pakhonde pathu. Ine ndinkasita zovala pahotela ina pakati pa tauni.

Matenda atsopano aja atangomveka, alendo anasiya kubwera kuhotela. Bwana wathu anatisonkhanitsa pabwalo loyanikira, iye ataima patali ngati tikununkha, n'kutiuza kuti tiyambe takhala kunyumba. Ndinapachika yunifolomu pamsomali, n'kutuluka.

Pawayilesi ankatchula zizindikiro kosalekeza: kutsokomola, kubanika, kutentha thupi. Amuna anga anaseka.

"Ndiye kuti ine ndinayamba kudwala matendawa iwo asanabadwe," anatero. "Akanabwera kuno ndiwaphunzitse."

Nanenso ndinaseka, koma nditagwedeza kabotolo kawo kopopera, ndinamva kuti katsala pang'ono kutha. Ndinayenda m'masitolo a mankhwala onse amene ndinkawadziwa. Paliponse panali mzere wautali, anthu atatalikirana, ena atamanga mipango kukamwa. Kusitolo yomaliza wogulitsa anandiyankha kudzera pakawindo.

"Mayi, anthu anagula onse. Kwamveka mphekesera yoti amateteza ku kachilomboka. Ngakhale amene sanatsokomolepo chibadwire akusunga awiriawiri m'nyumba."

"Nanga ena abwera liti?"

"Malire atsekedwa. Ndikakuuzani tsiku ndikunamizani."

Tsiku lina m'mawa munalowa anthu mumpanda mwathu, atabereka zigubu kumsana, akupopera mankhwala ophera tizilombo. Anapopera makonde, zitseko, pampope, ngakhale tebulo la amuna anga pamodzi ndi mawayilesi a eni ake. Fungo lake linali lobaya m'mphuno ngati jiki wosasungunula. Ndinathamangira kukatseka mawindo, koma linali litalowa kale.

Pofika masana amuna anga sankatha kumaliza mawu. Anapopera kabotolo kaja, koma kanangotulutsa mphepo. Mapewa ankakwera ndi kutsika, ndipo milomo inayamba kuda. Ndinaimitsa takisi pamsewu. Dalaivala anawaona akutuluka pageti atanditsamira, anamva chifuwa chija, n'kukweza galasi, ulendo. Wachiwiri sanaime n'komwe.

Ndinaimbira mng'ono wawo, amene amanyamula masamba kupita nawo kumsika pa kagalimoto kake kopanda denga kumbuyo. Anafika msanga, koma atawaona anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Alamu, mukutsimikiza kuti ndi mphumu yomwe ija?"

"Mwakula nawo limodzi. Simukuimva?"

Anachotsa madengu, n'kuyala masaka. Tinawakweza kumbuyo, ine nditawagwira kuti asagone.

Pageti la chipatala mlonda anatiimitsa pa ndowa ya madzi ndi sopo. Anandisambitsa m'manja amuna anga akubanika pambali panga. Kenako kunabwera namwino atavala pulasitiki thupi lonse, maso okha akuoneka kuseri kwa galasi.

"Ndi mphumu, anesi," ndinatero. "Amabwera konkuno. Mumawaika pa makina otulutsa nthunzi ya mankhwala aja, n'kukhala bwino. Thupi silikutentha, agwireni muone."

"Mayi, ndikukumvani," anayankha, mawu ake ali otopa. "Makina amenewo atiletsa, akuti amamwaza kachilombo m'mwamba. Ndipo aliyense wobanika sakulowa muwodi asanayezedwe. Akadikire kutenti. Tikawabaya jakisoni komweko."

"Ndiye ayezeni pompano."

"Pano timangotenga za m'mphuno. Zoyezera zili kumzinda waukulu."

Tentiyo inali kuseri kwa chipatala, pafupi ndi pamene amawotchera zinyalala. Inali yoyera, yaitali, ndipo anaizunguliza ndi chingwe patali ndithu. Anawatengera mkati pa njinga ya odwala. Ine ndinathera pachingwe, pamene ndinapeza anthu ena ataima ndi mafulasiki ndi mabulangete, aliyense akuyang'ana khomo la tenti, osayang'anana.

Jakisoni uja anathandiza pang'ono. Tsiku lotsatira anandiimbira foni. Ankayankhula mawu awiri, n'kupuma, mawu awiri, n'kupuma.

"Andilowetsa kathonje m'mphuno mpaka kubongo," anatero. "Ndinaona ngati akufuna waya woduka."

"Mwadya?"

"Pang'ono. Mayi a mwana, muno muli anthu odwala zenizeni. Wa bedi loyandikana nane akutentha ngati simbi. Ngati matendawa ndinalibe, ndiwatenga muno."

Ndinawafunsa ngati bulangete likukwanira.

Kunyumba zinthu zinali zitasintha. Mayi alandilodi anandidikira pakhonde pawo, atatseka pamphuno ndi nsalu.

"Musandimve molakwa," anatero. "Koma mumpanda muno muli ana. Madzi muzitunga onse akatha, ndipo mukatero muzitsuka mpope ndi sopo. Chimbudzi muzilowa chakumapeto chija."

"Sanawapeze ndi matenda. Zotsatira sizinabwere."

"N'chifukwa chake ndikutero."

Mayi wa khomo loyandikana nafe, amene tinkabwerekana mchere ndi singano, ankalowetsa ana ake m'nyumba akamva loko wanga akulira. Eni mawayilesi sanabwere kudzatenga katundu wawo. Mlamu wanga naye mkazi wake anamuletsa kulowa m'nyumba, moti ankagona m'galimoto, ndipo kumsika anthu atamva zimene ananyamula anasiya kumupatsa madengu awo. Sanandidandaulire. Ndinachita kumva kwa ena.

Mwana wathu ndi mmodzi, wamkazi, ndipo amagwira ntchito kumzinda wina wakutali. Mabasi anali ataimitsidwa. Ankaimba pafupipafupi, akundiwerengera zimene anthu ankatumizirana pafoni.

"Amama, akuti mandimu ndi jinja. Akuti azifukiza nthunzi ya madzi otentha. Ena akuti mankhwala a malungo akuchiza. Mwawafunsa adokotala?"

"Dokotala ndikamuona kuti, mwanawe? Ndimathera pachingwe."

Mandimu ndinawafinyirabe mutiyi. Chakudya tinkasiya patebulo lina pafupi ndi chingwe, titalemba dzina la wodwala pachivundikiro, ndipo mbale sizinkabwerera. Nthawi iliyonse namwino uja akadutsa ndinkamufunsa za zotsatira. Poyamba anati galimoto yonyamula zokayeza sinanyamuke, ikudikira kuti zichuluke. Kenako anati yanyamuka. Kenako anati kumeneko kuli mulu wa zochokera m'zipatala zonse. Mayi wina amene ankaima pafupi nane anandinong'oneza kuti mwamuna wake anatuluka m'tenti muja ali bwino, koma atapita kunyumba zotsatira zinamutsatira, ambulansi n'kukamutenganso. Wina anati mutenti monse muli silinda imodzi ya mpweya, ndipo amasinthana.

Ndinawafunsa amuna anga za silindayo.

"Imafika," anatero. "Koma ikafika kwa ine... imakhala ikufunidwa kwina."

Mafoni awo anayamba kufupika. Kenako anayamba kungondimvetsera, ine ndikuyankhula ndekha za mvula imene inadontha pakona ya chipinda ndi za mwana, kwinaku ndikumva chifuwa chikulira. Ndinawafunsa ngati thupi layamba kutentha. Anati sakudziwa, mutenti monse mukutentha.

Tsiku lina ndinafika masana ndi fulasiki. Foni yawo inali isakuyankhidwa kuyambira m'mawa, ndipo ndinkadziuza kuti yatha moto. Namwino uja anatuluka, sanapite kutebulo la chakudya, anabwera molunjika kwa ine n'kuima kutsidya kwa chingwe. Anthu amene anali pafupi nane anasuntha.

"Mayi, bambo atisiya m'mawa uno. Tinayesetsa."

Ndinagwira chingwe chija. Ndinafunsa ngati ndingawaone.

"Sizikuloledwa. Poti zotsatira sizinabwere, tiwatenga ngati anali ndi kachilomboka."

"Ananenapo kanthu?"

Anayang'ana pansi. "Sankatha kuyankhula. Koma sanali okha, ndinalipo."

Sindinalire pamenepo. Ndinabwerera kunyumba wapansi, fulasiki ili m'manja, chifukwa sindinaone poisiya.

Anawaika m'manda tsiku lotsatira. Sitinawasambitse, sitinawaveke, nkhope yawo sitinaione. Bokosi linabwera pagalimoto ya chipatala litakulungidwa m'pulasitiki, ndipo analinyamula anthu ovala zoyera, wina akupopera mankhwala pambuyo pawo. Analola abale ochepa okha, ndipo anatiimika kumsewu, kutali ndi dzenje. Tinalipo ine, mlamu wanga ndi akulu awiri a kutchalitchi. Mwana anali pafoni. Ndinaikweza m'mwamba kuti amve pemphero, koma kunali mphepo, ndipo iye ankangofunsa kuti, "Amama, afika pati? Atsitsa?"

Kunyumba sikunabwere munthu wodzakhala nane. Ena ankaima pageti n'kupepesa mokweza mawu. Mayi wa khomo loyandikana uja anasiya buledi pakhonde, anagogoda, n'kuthawa ndisanatsekule.

Patapita masabata ndinabwerera kuchipatala kukafunsa zotsatira. Ananditumiza kwa bambo wina wa kulabu yoyezera matenda, amene anatuluka panja kudzandiyankha.

"Za gulu limenelo zinawonongeka panjira," anatero. "Galimoto inachedwa, madzi oundana a m'bokosi anasungunuka. Kumeneko anakana kuziyeza."

"Ndiye anali nako kapena analibe?"

"Palibe angakuuzeni, mayi."

"Ndiyezeni ineyo. Ndinkagona nawo bedi limodzi. Ngati ndili nako, ndidziwa."

"Mukutsokomola? Thupi likutentha? Munapita kunja kwa dziko?"

Ndinati ayi.

"Ndiye sindingathe. Tithonje tatsala tochepa, tikusungira odwala."

Mayi alandilodi atamva kuti palibe pepala lonena kuti amuna anga analibe matendawa, anandiuza mwaulemu kuti nyumba ikufunika kukonzedwa. Ndinawamva. Ndinayamba kumanga katundu.

Mabasi atayambanso kuyenda, mwana anabwera kudzanditenga. Anaima pakhomo, masiki ali kukamwa, manja ali lende, osadziwa ngati andikumbatire. Ndinamukoka ndine. Tisananyamuke anati akufuna akaone pamene panagona bambo ake.

Kumanda kunali kutasintha. Kumene ndinasiya tchire kunali mizere ya mitumbira yatsopano, dothi lake lofiira lofanana, yambiri yopanda chizindikiro. Ndinapita kukaima kumsewu pamene anatiimika tsiku lija, ndikuyesa kukumbukira kumene bokosi linalowera. Wokumba manda wina anabwera kudzatithandiza. Anafunsa tsiku, anaganiza, n'kutitengera kumapeto kwa mzere wina.

"Tsiku limenelo tinaika awiri," anatero. "Ndi apa kapena apa. Pepani, zinkabwera zokutidwa."

Mwana anandiyang'ana. Ndinaloza wa kumanzere, chifukwa unali pafupi ndi msewu, ndipo iye anagwada pamenepo n'kuyamba kuzula udzu. Atamaliza, ine ndinazulanso pa winawo. Mlamu wanga ankatidikira pageti, katundu wanga ali kumbuyo kwa galimoto, ndipo anatiperekeza kudepoti.