Bondo la Kumanzere

Makanika anali atamuuza kale mphunzitsi wina kuti, "Achimwene, bondo lanulo latha. Tiyeni m'galimoto yanuyi tiikemo giya ya otomatiki."

Iye anakanitsitsa. Kagalimoto kofiira kaja, ka mipando iwiri, kakale kuposa ukwati wake, akachotse kilatchi? "Bola ndiziyenda wapansi," anatero akuseka.

Lachiwiri m'mawa akupita kuntchito, maloboti anamuimitsa pakati pa chitunda. Atayaka obiriwira, phazi lamanja linachoka pa buleki mwachizolowezi. Koma mwendo wamanzere, woti uponde kilatchi, unangoti zii ngati wa munthu wina.

Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo.

Pagalasi anaona mayi ali panjinga, kamwana ka yunifolomu katakhala pakaliyala. Anakoka handibuleki, koma inangolira osagwira. Makanika anali atanenanso za iyoyo. Anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, galimoto n'kuima tayala la njinga litatsala pang'ono kukhudza bampala.

Mahutala anasokosa kumbuyo. Thukuta linatsikira m'maso, mwendo wamanja n'kuyamba kunjenjemera. Ukatopa uwunso, ndiye kwatha.

Mayi uja anatsika n'kukankha njinga yake kudutsa pambali, osadziwa kanthu. Kamwanako kanasisita chitseko chofiiracho, n'kumwetulira. "Amama, taonani kukongola!"

Mphunzitsi anafufuza foni m'thumba, n'kuimbira makanika uja.

"Achimwene, mwaganiza bwanji za giya ija?" anafunsa makanika atayankha.

"Chotsani zonse zimene mukufuna. Koma thamangani, ine phazi pa buleki sindichotsa."