Nambala Seveni Yosalankhula

"Yakananso," anatero a Elifala akutuluka kunsi kwa tebulo, fumbi lili mbuu m'maondo.

A Elifala anali katswiri wa makompyuta amene Sisitere Margareta anawaitanitsa kuchokera ku Lilongwe. Limeneli linali tsiku lawo lachiwiri pachipatala chathu cha mishoni m'mapiri a Ntchisi, mvula ya Febuluwale wa 1999 ili pakati.

Ine ndinali chiimire pakhomo pa chipinda cha kompyutacho, mtima uli m'mwamba. Ntchito yanga inali yolumikiza mafoni: m'kachipinda kanga munali bolodi la timagetsi, ndipo aliyense woimba foni yakunja ankadzera mwa ine. Za kompyuta sizinkandikhudza, koma sabata imeneyo zinandikhudza. Achimwene anga a Andireya, amene anathawa m'dziko muno mu 1983 chifukwa cha nthabwala yandale imene ananena akuphunzitsa, anali atapezeka. Ife tinali titawalira kale maliro. Wansembe wina anakumana nawo ku Canada, n'kuwapatsa adiresi ya imelo ya Sisitere kuti atilembere kalata ya pakompyuta. Amayi atamva, anayenda wapansi kuchokera kumudzi n'kudzakhala pabenchi la pakhonde, osasuntha.

"Chikuvuta n'chiyani kwenikweni?" anafunsa Sisitere.

"Kabokosi aka, modemu, kasanaimbe kamayamba kamvetsera laini, monga muchitira inu mukanyamula foni," anatero a Elifala. "Kakapanda kumva kulira kuja koti tuuu, kamasiya. Waya ndasintha. Mabowo ndasinthanitsa. Ndalumikizapo foni wamba kuti ndimve ndekha, koma kuli zii. Mwina mphenzi inawotcha laini. Ngati ndi choncho, tidikira mwezi."

Nditatuluka, amayi anandikoka chitenje.

"Faines, yafika?"

"Ayi amayi, mawaya akuvuta."

"Auze asapupulume, angaononge. Ndadikira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, lero silingandiphe."

Ndinabwerera m'kachipinda kanga misozi ili pafupi. Ndisanakhazikike, kagetsi ka nambala seveni kanayaka. Seveni inali foni ya m'chipinda chosungiramo mabulangete, ndipo chiyambire dzulo lake inkangoyaka kangapo konse.

"Halo, ndikupatseni nambala yanji?"

Zii. Ndinadula. Kanayakanso. Apa ndiye ndinapsa mtima, ndinapita kwa Sisitere.

"Sisitere, pali munthu akusewera ndi foni ya nambala seveni. Amangonyamula, ine ndikayankha salankhula. Tsiku ngati lero!"

A Elifala anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Amayi, chipinda cha mabulangetecho chili kuti?"

"Kuseri kwa khoma ili."

Anayang'ana waya wa kompyuta umene unalowa pakabowo ka m'khomalo, kenako anayang'ana ine.

"Ndiye kuti laini iyi imadzera kwa inu? Nanga nditayesa ndi foni wamba, bwanji simunandiyankhe?"

"Nthawi imeneyo ndinali pakhomo pano, kuonerera inuyo."

Sisitere ndiwo anayamba kuseka, mpaka anakhala pa katoni ya mankhwala atagwira nthiti. A Elifala anadzigwira kumutu. "Masiku awiri ndikukwawa ndi akangaude, pomwe kabokosi kakupempha laini kwa inu, inu n'kumakafunsa nambala!"

"Nako kakadalankhula!" ndinatero ine, ndikuseka ndi manyazi omwe.

Ndinathamangira kubolodi langa. Seveni itayaka sindinanene halo, ndinangoipatsa laini yakunja. Khoma la pakati pa kachipinda kanga ndi chipinda cha kompyuta linali lopyapyala, choncho ndinamva zonse: tuuu, kenako timabelu ta manambala, kenako chiphokoso ngati nkhumba yopanidwa pampanda. Dzanja langa linapita lokha kuti lidule.

"Musadule!" anakuwa a Elifala. "Kumeneko ndiye kulankhula kwake!"

Pamene ndinkafika, Sisitere anali atalowetsa kale amayi n'kuwakhazika pampando wa dokotala. Makina osindikizira anatafuna pepala, kulilavula pang'onopang'ono, mzere umodzi umodzi. Ndinaliwerenga mokweza.

"Amayi, ndine Andireya. Ndili moyo. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ndi wamkazi, dzina lake Iness, dzina lanu. Tibwera mu Julayi. Kodi mtengo wa mapeyala uja ndinabzala kuseri kwa khola udakalipo?"

Amayi anatenga pepala lija m'manja mwanga. Kenako anati, "Muyankhe kuti unakula mpaka unagwetsa kholalo." Atatero analuluta, nthungululu yake mpaka odwala a m'chipinda cha amuna anasuzumira m'mawindo.

Sisitere anawapempha kuti agone pachipatalapo, poti kunali kutachita mdima wa mvula. Anakana. Anati kumudzi kuli anthu amene anabwera pamaliro aja, ndipo ayenera kumva lero lomwe.

Ndinawaperekeza mpaka pamlatho. Madontho oyamba atagwa, anavula duku, n'kukulungamo pepala lija bwinobwino, n'kuliika pachifuwa. Ndinaima n'kumawayang'ana akukwera chitunda mofulumira ngati mtsikana, imvi zawo zili pamvula.