Wokhoma Zidebe Aitanidwa Kusukulu

Uthenga unamupeza wokhoma zidebe ali mkati mopinda mkombero wa ndowa. Anabwera nawo ndi mwana wake wamkazi, amene pakhomopo ankamutchula kuti Kafunsefunse.

"Ababa, aphunzitsi a sayansi akuti mubwere mawa. Mutengenso sizasi yanu yodulira malata."

"Waphwanya chiyani?"

"Palibe."

"Nanga munthu angaitanidwe kusukulu ndi sizasi popanda mlandu?"

Mtsikanayo anangoseka n'kuthawira m'nyumba. M'mawa mwake mkazi wa bamboyo anamusitira mwamuna wake malaya opitira ku maukwati, n'kumuuza kuti akakafika asakayambe ndi kukalipa.

Kusukulu anamulowetsa m'chipinda chimene kale munkaunjikidwa madesiki othyoka. Tsopano munali mopakidwa penti, muli matebulo ataliatali, mabatire, mawaya ofiira ndi akuda, timababu ndi timamita toyezera magetsi. Aphunzitsi anamufotokozera kuti zonsezo inapereka ndi kampani yamagetsi, yomwenso Lachitatu lililonse inkatumiza injiniya wake kudzaphunzitsa ana.

Injiniyayo anali mayi wamfupi wovala ovolosi ndi nsapato zolemera. Anamupatsa moni wa manja awiri.

"Bambo, anawa apanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Vuto ndi mapiko. Apulasitiki amene tinabwera nawo, mphepo yathyola onse. Ndimati ndiitanitse ena, koma mwana wanuyu anakweza mkono n'kunena kuti, 'Bambo anga lata amalisandutsa chilichonse.'"

Bamboyo anacheukira mwana wake. Kafunsefunse anali atayang'ana pansi, akukanda simenti ndi nsapato.

Injiniya anatambasula pepala lodzaza mizere ndi manambala. Wokhoma zidebe analiyang'ana, kulitembenuza, kenako n'kulibweza.

"Mayi, ine sukulu sindinapite nayo patali. Manambalawa andipitirira. Ingondiuzani kuti mukufuna mphepoyo izichita chiyani."

Mayiyo anatambasula chikhatho, n'kuchipendeketsa pang'ono, n'kuchiuzira mpweya uku akuchikankhira kumbali.

"Oo! Izitsetsereka ngati madzi pamlomo wa jagi? Mukanangotero poyamba paja!"

Anapinda manja a malaya aja. Analemba palata ndi msomali, n'kudula zidutswa zitatu, n'kumazisula pa paipi ndi kahamala kake, ngo ngo ngo, ana atamuzungulira mpaka kumutsekera kuwala. Atamaliza anayamba kuika phiko lililonse pachala. Limodzi analidulako kachidutswa kochepa ngati chikhadabo.

Injiniya anawaika pasikelo limodzilimodzi. Anayang'ana sikeloyo, n'kuyang'ana bamboyo.

"Akusiyana ndi magalamu awiri okha. Sikelo yanu mwabisa kuti?"

"Ndi chala chomwechi, mayi. Chilibe batire."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

Ana anamangirira mapiko aja ku dayinamo yopukusa magetsiyo, n'kuimika makinawo pamtengo wautali pakati pa bwalo. Waya anatsikira patebulo pamene Kafunsefunse anakhala ndi mita ndi kababu. Koma mphepo inangoti zii. Ngakhale tsamba silinagwedezeke. Ana ena anayamba kuuzira m'mwamba ndi pakamwa. Aphunzitsi aakulu, amene anabwera kudzaonerera atavala jekete, nawonso anayamba kukupiza ndi kaundula wa mayina.

Patapita kanthawi fumbi linanyamuka kumapeto kwa bwalo. Mapiko anagwedezeka, anazungulira kamodzi mwaulesi, kenako anayamba kuthamanga mpaka osaonekanso kuti ndi atatu.

"Sikisi!" anakuwa Kafunsefunse, maso ali pamita. "Naini! Thwelofu!"

Dzuwa linali likuswa mtengo, moti kababu sikankaoneka ngati kayaka. Mtsikanayo anakaphimba ndi zikhatho zake.

"Ababa, tasuzumirani."

Bamboyo anawerama n'kusuzumira pakati pa zala za mwana wake. Kanali katayaka. Anadzuka n'kuombera m'manja ngati kamwana, anawo akulumpha ndi kukuwa mpaka makalasi ena anatulukira m'mawindo.

"Nanga moto umenewu ukuchokera pati? Lata ndadula ndine, munalibe moto."

Kafunsefunse anamufotokozera za maginito amene amazungulira pafupi ndi waya wokulungakulunga. Ankalankhula mosadodoma, akujambula ndi chala patebulo, ndipo injiniya sanamukonze paliponse. Bamboyo sanamve zonse, koma anagwedeza mutu mpaka kumapeto.

Asanachoke, injiniya anamuimitsa pakhomo.

"Anawa kuwerengera akutha, koma sizasi sadziwa kuigwira. Simungamabwere Lachitatu, inu mbali yanu, ine mbali yanga?"

"Ine kuphunzitsa? Pasukulu?"

"Nanga lero mumatani?"

Anavomera. Pobwerera anaima kwa wometa, kwa wokonza njinga ndi kwa mlamu wake, ndipo paliponse nkhaniyo inkakulirakulira. Pofika kwa mlamuyo, kababu kaja kanali katasanduka getsi lowalitsa bwalo lonse.

Madzulo mkazi wake anamupeza ali pamakwerero kuseri kwa nyumba, malaya a ku maukwati ali bii ndi dzimbiri, chala chonyowetsa ndi malovu atachiloza kumwamba.

"Bambo ake mwana, kumeneko mukutaniko?"

"Ndikumva kumene mphepo ikuchokera. Tamuitanani Kafunsefunse, injiniya wathuyo, abwere ndi pepala."