Chitunda cha Pageti pa Alamu

Lole yomwe anasiya malemu apongozi anga inayamba kuwira tsiku lomwe amuna anga anaiika injini ina. Yakaleyo inali itafa, ndiye iwo anakagula ya minibasi yomwe inachita ngozi. Kulira inkalira bwino, pamenepo sindinganame. Koma tikangodutsa pamsika, muvi wa geji ya kutentha kwa injini unkathamangira kofiira, kuboneti n'kumatuluka nthunzi ngati ketulo yoiwalidwa pamoto.

Chifukwa cha injini yomweyo, alamu anga, akulu awo a amuna anga, anasiya kutiyankhula. Iwo ankati lole yopanda injini ya bambo awo ndi malata chabe. Amuna anga anawayankha kuti ngati akuifuna injini yakufayo, aitenge akaiike pabalaza. Anaitengadi. Kuyambira pamenepo awiriwa, ngakhale pamaliro, ankakhala pamabenchi osiyana. Ine zinkandiwawa kwambiri, chifukwa ana athu ndi awo anakulira pamodzi, koma tsopano ankapatsana moni mobisa.

Amuna anga anatsuka ladiyeta, moziziritsira madzi a injini. Inawira. Anasintha chitsekero chake, kenako fani, kenako pampu ya madzi. Inawirabe. Ine ntchito yanga inali yosenza zigubu ndi kuuzidwa kuti ndikhale chete, anthu akumvetsera injini.

Mapeto ake tinaitana makaniko wa kuseri kwa sitolo ya matayala. Anagwira paipi yapamwamba, n'kugwira yapansi, n'kupukuta manja pathalauza.

"Injini iyi yakhala pamwamba kuposa ladiyeta," anatero. "Mpweya watsekeredwa m'kati, madzi sakuzungulira. Kaimikeni pamtunda, mphuno kumwamba. Mutsegule chitsekero, izilira mukuthira madzi mpaka thovu lithe. Basi."

Basi wakeyo anali wovuta. Kwathu n'kwathyathyathya ngati tebulo. Jeke yathu inakweza lole pang'ono, kenako inasintha maganizo n'kutsika yokha. Chitunda chokhacho m'dera lonse ndi cha simenti chomwe alamu anamanga pageti pawo kuti madzi a mvula asamalowe kunyumba.

"Bola iziwira," anatero amuna anga.

Inawiradi.

Loweruka lina m'mawa anavala malaya ositidwa n'kunena kuti tikukagula misomali. Ndinakwera ndi zigubu zanga osafunsa kanthu. Kusitolo ya misomali tinadutsa osayang'anako. Lole inakwera chitunda cha alamu, n'kuima mphuno itatsala pang'ono kukhudza geti.

Alamu anatuluka ndi kapu ya tiyi, naima cha pakhoma. Moni panalibe. Ankayang'ana lole, amuna anga ankayang'ana ladiyeta.

Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Wina aziponda moto, wina azithira madzi ndi kufinya paipi kuti mpweya utuluke. Amuna anga anandiponyera diso. Ine ndinakhala pachigubu n'kunena kuti msana wandigwira. Sunandigwire.

Ndiye bambo wa ana anga, ndi imvi zake, anayamba kuthamanga: kuchiwongolero, kuboneti, kuchiwongolero. Akaponda moto madzi ankakhavukira pansi, akafika kuti afinye paipi injini inkazima. Malaya ositidwa aja anathera pomwepo.

Alamu anapirira mpaka tiyi anatha. Kenako anaika kapu pakhoma, napinda manja a malaya, n'kulanda chigubu chomwe ndinakhalira osandipepesa. Anathira madzi, nafinya paipi. Thovu linatumphuka pakamwa pa ladiyeta.

"Ponda pang'ono," anatero, maso ali pathovu.

Amuna anga anakwera, naponda.

"Chonchi, achimwene?"

"Wachulutsa. Iwe chilichonse umachulutsa."

"Nanga pano?"

"Gwira pomwepo."

Thovu linatuluka lambiri, kenako lochepa, kenako madzi anangoti zii, akuzungulira bwinobwino. Alamu anatseka chitsekero. Muvi wa geji unakwera mpaka pakati, n'kukhala pomwepo. Tinaudikira nthawi yaitali kuti uchite zake zija, koma sunasunthe.

Ntchito inali itatha, ndipo panalibenso chifukwa choimira pageti pa munthu. Amuna anga anazimitsa injini, natsika, nayamba kupukuta boneti yomwe inali youma kale. Ndinawaona kuti akuopa kuchoka.

Alamu anatenga kapu yawo, nayang'anamo.

"Mpweya wa mtundu umenewu suthera tsiku limodzi," anatero. "Ubwere nayonso mawa."

Tonse atatu tinkadziwa kuti munalibenso mpweya ngakhale pang'ono.

"Ndibwera, achimwene."

Ine misozi inali italengeza, ndiye ndinayamba kulongedza zigubu. Ndinaiwala kuti msana ukundipweteka, koma palibe anandifunsa.