Nyumba ya a Panas m'Khwawa

Mayi anga a Raisa ndi ouma mutu, ndipo ine ndinatengera komweko. Mchimwene wanga Grisha atapeza nyumba ku Russia, anati mayi anyamuke naye chisanu chisanayambe, ulendo wosabwerera. Zinandiwawa zedi, chifukwa ndikanatsala ndekhandekha kuno ku Karakol. Mayi anavomera, koma anati sakwera basi asanatape dothi pabwinja la agogo awo a Panas.

A Panaswa anafika kuno pangolo kuchokera kutali ku Poltava, nthawi imene boma la mfumu ya ku Russia linkalanda mabusa a Akirigizi, eni dziko lino, n'kugawira alendo. Anabwera ndi mkazi, njere za zipatso za matcheri, ndi dothi lakwawo lomanga pakansalu, monga ankachitira osamuka onse. Mayi amawakumbukira ali nkhalamba yonunkhira utsi ndi uchi, yoimba nyimbo zakwawo misozi ili chuchuchu. Koma pamene panali nyumba yawo yoyamba, palibe ankadziwa.

Tinazungulira zitunda zonse zabwino ndi kagalimoto kanga kachabechabe, mayi akunditukwanira kayendetsedwe. Bwinja osalipeza. Mapeto ake tinaima pahema wa mbusa wina wachikulire, a Toktosun, amene anatipatsa mkaka wosasa wa hatchi. Atamva dzina la a Panas anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, inu mukufuna pamene pangamange munthu wanzeru," anatero. "Funani pamene wanzeru sangamange."

Nkhaniyi a Toktosun anaimva kwa agogo awo. Akuti mlendoyo anachokera kudziko lathyathyathya ngati thebulo, ndiye ataona khwawa louma, lofewa nthaka, lobisika kumphepo, anati wapeza malo. Abusa anamuchenjeza, iye n'kuwalozera kumwamba kuti mtambo uli kuti. Sankadziwa kuti kuno madzi amatsika dzuwa likuswa mtengo, chipale chikasungunuka m'mapiri. Tsiku lina masana madzi anabwera n'kusesa nyumba yonse. Anthu anapulumuka, ndipo amene anawasunga muhema mpaka chisanu kutha ndi omwewo olandidwa busa. Akuti a Panas sanalire nyumba kapena ng'ombe. Ankalira kansalu ka dothi kaja.

A Toktosun anatitsogolera pahatchi, ife wapansi. Khoma ngakhale limodzi panalibe. Koma matcheri anali mbwee m'mbali mwa khwawa, kutsetsereka mpaka kumene maso amalekeza, timitengo topiringizika tobereka tizipatso towawasa. Mayi analawa kamodzi, nkhope n'kukwinyika. Anati ndi omwewo, agogo ankawaika m'tiyi.

Anavula mpango wakumutu, n'kugwada movutikira, n'kutapiramo dothi. Ine ndinayang'ana kumbali, poti ndinadziwa kuti basi, ulendo wapsa. Kenako ndinawamva akufunsa a Toktosun kuti kodi madziwo anakasiya kuti kansalu kaja. Mkuluyo anangotambasula chikwapu chake, n'kuloza chigwa chonse, minda ya mbatata ndi midzi yomwe.

 Mayi anakutumula mpango uja, n'kuumanganso kumutu ndi fumbi lake lomwe.

"Lida, ukamuuze Grisha apite yekha," anatero. "Dothi lakwathu linamwazika kale kuno. Ndikatape chiyani?"

Ndinalira ngati mwana. Iwo anandikalipira kuti ndisiye zopusazo, ndikatenge ndowa m'galimoto matcheri asanathe ndi mbalame.