Masamba a Namele Panjira ya Kumunda

Tsiku la Mafumu, la pa 5 Malichi, linali litayandikira, koma m'nyumba mwanga munalibe chinangwa ngakhale chimodzi. Pa tsikuli banja lililonse limabweretsa kubwalo laplapu wake, chakudya cha chinangwa chopera chimene timakulunga m'masamba n'kuotcha pamiyala yamoto, ndipo amayi a pachilumba chathu maso awo saphonya. Ukafika chimanjamanja, adzakukamba mpaka Khirisimasi.

Ndinanyamula mtanga m'mawa kuti ndikakumbe chinangwa ndi kudula masamba okulungira. Nditafika pamphambano ya njira yopita kuminda, ndinapeza amayi anzanga ataima, mitanga ili pansi. Pamtengo panali patamangidwa masamba awiri opingasana a namele, mtengo waminga wonga kanjedza. Eee! Ndani angadutse pamenepo? Ngakhale mwana amadziwa kuti namele akamangidwa, ndiye kuti amfumu atseka malowo.

"Koma amfumu atani chaka chino?" anadandaula mayi wina. "Akufuna tiwaphikire miyala?"

Tonse tinabwerera tikung'ung'udza.

Kunyumba ndinapeza amuna anga, a Kalsong, akunola chikwanje chimene chinali chakuthwa kale. Bambowa ndakhala nawo nthawi yaitali, ndimawadziwa. Akamagwira ntchito yopanda ntchito, ndiye kuti pali chimene apalamula.

"Bambo a Joeli, amfumu atseka njira ya kumunda."

"Oo? Zoona?" anayankha osandiyang'ana.

"Nanga manja anuwo akandika ndi chiyani? Si minga ya namele imeneyo?"

Anaika chikwanje pansi n'kupumira m'mwamba. "Mayi a Joeli, ndatopa ine. Nkhumba ya mnansi wathu Obedi yalowanso m'munda mwathu, yafukula koko yense. Ndamuuza, ndamuuzanso, iye amangoseka. Ndiye ndinati aone, asadzayandikirenso munda wanga."

"Ndiye nkhumbayo imadziwa namele? Iyo ikudutsa bwinobwino, amene tabwerera ndife!"

Ndinakwiya, komanso ndinachita mantha. Munthu wamba samanga namele. Zikanadziwika kudzera kwa ena, banja lathu likanakhala kunja kwa bwalo pa Tsiku la Mafumu, anzathu akudya ndi kuvina, ife tikusuzumira ngati nkhuku.

"Usadandaule," anatero a Kalsong. "Ndikachotsa mwakachetechete, palibe amene adziwe."

Ndinadumpha mpanda n'kukaitana mnzanga Leimara, amene ali ndi kagolosale pafupi ndi ife ndipo ali m'komiti ya mudzi. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka misozi, kenaka anapukuta m'maso n'kukhala pa benchi moyang'anizana ndi amuna anga.

"Alamu, mwakhala mfumu liti, ife osaitanidwa ku phwando?"

"Aa, inunso mayi, musandiseke."

"Chabwino, ndasiya. Koma zokachotsa mwakachetechetezo iwalani. Mudzi wonse waona masambawo ndipo ukuganiza kuti ndi a amfumu. Akangosowa, anthu adzati wina wanyoza amfumu. Ndipo adzaloza ndani? Obedi, chifukwa aliyense akudziwa kuti mukukangana naye pa nkhani ya nkhumba. Mudzakhala mwawonjezera bodza pamwamba pa mlandu."

"Nanga nditani?"

"Tengani mkeka ndi muzu wa kava, uja timapangira chakumwa chamwambo, mupite kwa amfumu lero lomwe. Mukanene nokha ndi pakamwa panu. Nkhani ya nkhumbayo mukaitulenso komweko, chifukwa ndi kumene inayenera kupita poyamba pomwe. Za ziweto, za malire a minda, za mikangano ya anthu oyandikana, ndi ntchito ya amfumu. Kukanakhala kuti wina wavulazidwa, ndikanati pitani kupolisi. Koma nkhumba ndi koko? Bwalo lilipo chifukwa cha zimenezo."

"Akandichititsa manyazi pagulu."

"Manyazi a wodziulula yekha amatha tsiku lomwelo, alamu. A wogwidwa ndi amene satha."

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa mkeka wanga wabwino, umene ndinaluka ndekha n'kuukongoletsa ndi nthenga zofiira m'mphepete. Mtima unandipweteka, sindinama. Ndinawapatsa amuna anga ndikuwayang'ana m'maso kuti adziwe mtengo wa ukali wawo.

Amfumu Marisale tinawapeza akukonza injini ya boti lawo, manja ali bii ndi mafuta. A Kalsong anagwada, anaika mkeka ndi kava pansi, n'kufotokoza zonse.

Amfumu anawomba m'manja. "Ndiye ndi iwe! Ine kuno ndimadzifunsa kuti kodi ndakalamba mpaka ndikumanga namele n'kuiwala? Akazi anga andimana tiyi m'mawa uno, akuti ndawatsekera chinangwa chawo."

Tinaseka tonse, ngakhale a Kalsong anasekera pansi. Kenaka amfumu anapukuta manja n'kulankhula mofatsa.

"Kalsong, mvetsera. Ndikamanga namele pagombe kuti nsomba ziswane, palibe wapolisi amene amalondera. Anthu amamvera chifukwa amadziwa kuti tsamba limenelo silinama. Aliyense akayamba kulimanga akakwiya, tsiku limene ndidzatseke malo pa chifukwa chenicheni anthu adzangodutsa, adzati mwina ndi Kalsong wakangananso ndi nkhumba. Ukuona chimene ukanawononga?"

"Ndaona, amfumu. Ndalakwa."

"Wachita bwino kubwera wekha. Tsopano tiyeni timve za nkhumbayo."

Anatumiza uthenga kwa Obedi. Obediyo anabwera akumwetulira monga mwa masiku onse, koma titapita naye kumunda, n'kuona maenje amene nkhumba yake inasiya, kumwetulira kuja kunatha.

"Achimwene, sindimadziwa kuti zafika pamenepa," anatero. "Ndimayesa mukukokomeza."

Amfumu anagamula kuti Obedi amange khola lolimba ndipo abweretse mbewu ya koko, adzale limodzi ndi amuna anga. A Kalsong anauzidwa kuti adzapepese mudzi wonse kubwalo, chifukwa mudzi wonse ndi umene unavutika. Kenaka amfumu anamasula masamba aja ndi manja awo, anthu akuona. Amayi anathamangira kuminda ngati ana otuluka m'kalasi.

Tsiku la Mafumu linacha bwino. Lipenga la chigoba linalira, ng'oma zinayamba, utsi wa miyala yootchera laplapu uli tolotolo mudzi wonse. Mafumu a midzi yoyandikana anakhala pansi pa kachere wamkulu atavala mikeka yawo ndi mano a nkhumba pachifuwa. Magule asanayambe, a Kalsong anaimirira pakati pa bwalo.

"Abale anga, namele uja ndinamanga ndine. Ndinakwiya, ndinachita chimene si changa kuchita. Pepani."

Kenaka mayi uja wa miyala anakuwa kuti, "Takukhululukirani, koma mudzatisenzere mitanga chaka chamawa!" Bwalo lonse linafa ndi phwete. Obedi anabwera n'kugwira amuna anga dzanja, ndipo awiriwo anamwa kava m'chigoba chimodzi cha kokonati pamaso pa mafumu.

Ine ndinayala laplapu wanga pamzere, pakati pa wa Leimara ndi wa akazi a Obedi. Unali wankhuku, wothira mkaka wa kokonati wambiri, ndipo sunachedwe kutha. Ndinadya ndi anzanga m'kati mwa bwalo, ndinavina mpaka miyendo inawawa, ndipo ndinanyadira amuna anga kuposa tsiku limene tinakwatirana.

Abale, kulemekeza mafumu si kuwavinira tsiku limodzi pachaka kokha ayi. Mukasemphana ndi mnzanu pa munda, chiweto kapena malire, musadziweruzire nokha ndipo musagwiritse ntchito chizindikiro chimene si chanu. Pitani kubwalo nkhani ikadali yaing'ono. Ndipo ngati mwalakwa kale, pitanibe, mukafike nokha asanakuitaneni.