Mbali ya Kudzuwa

"Buluu uti?" anafunsa Mirzo, wosakaniza penti pamsika wa zitsulo za magalimoto, osadzutsa n'komwe mutu.

"Buluu basi," anayankha Zebo, akusamutsira mwana wake Firuz paphewa lina.

"Chemwali, muno muli buluu makumi awiri. Alipo wa thambo la m'mawa, alipo wa khosi la nkhunda, alipo wa diso la mwamuna amene wamenyedwa ndi mkazi wake. Inu mukufuna uti?"

Amuna awiri amene ankamwa tiyi pabenchi anaseka. Zebo sanaseke. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachitseko ka pothirira petulo, kamene anamasula m'mawa ndi mpeni wosendera karoti.

Mirzo anakatembenuza uku ndi uku. "Ehe! Galimoto ya Jiguli yakalekale, penti yake ya kufakitale. Mwabwera mokonzeka. Waikanda ndani?"

"Mbuzi."

"Mbuzi imeneyo ili ndi laisensi?"

"Sakanizani penti, achimwene. Mwana akudwala."

Galimotoyo inali ya apongozi ake aamuna, a Safar. Anaigula Zebo asanabadwe, ndipo ankaipukuta m'mawa uliwonse asanamwe tiyi. Pakhomo paja mtengwa sagwira chiwongolero. Mtengwa wamkulu, mkazi wa mlamu wake, anabwezedwa kwao chaka chatha pa nkhani yaing'ono kuposa imeneyi, ana ake awiri n'kutsala. Mwamuna wa Zebo, Daler, ankamanga nyumba ku Russia, ndipo mawu a bambo ake sankawabweza. Foni imodzi inali yokwana kuthetsa banja.

Lachiwiri masana, apongozi onse awiri ali ku Dushanbe kokachotsa ng'ala m'maso mwa a Safar, Firuz anatentha thupi mpaka kuuma gwa, maso atatembenuka. Mumsewu munalibe galimoto ngakhale imodzi. Zebo anatenga kiyi pamsomali. Kuyendetsa anaphunzira kwawo, m'minda ya thonje. Kuchipatala anafika bwino. Pobwerera, chitseko chakumanzere chinakhula chipilala cha geti, n'kusiya mzere wautali ngati mkono.

Apongozi ankabwera Lachisanu. Ili linali Lachinayi.

Mirzo anadontheza ichi, anadontheza icho, akutakasa ndi kamtengo. Anapaka kadontho pa kachitseko kaja n'kukaika padzuwa. Katauma, Zebo anafunafuna pamene panali kadonthoko koma sanapaone.

"Ngakhale mwini wake atabwera ndi maso anayi sangazindikire," anatero Mirzo. "Mutsuke kaye, pouma muzipaka pang'onopang'ono, katatu. Mbuziyo muipatse moni."

Kunyumba anadikira kuti Firuz agone. Anatsuka chitseko, anapaka koyamba, anakakanda ufa wa buledi, anabwera kudzapaka kachiwiri. Atapaka kachitatu anakhala pa chidebe n'kumadikira. Anadziuza kuti penti yaiwisi imaoneka yoderapo, ikauma ifanana.

Inauma. Sinafanane.

Mzere uja tsopano unkaoneka kuchokera pageti, buluu wowala pa chitseko chotuwa ngati phulusa. Zebo anazungulira galimoto kawiri, ndipo kachiwiriko anamvetsa. Zaka zonsezi a Safar ankaimika pamalo amodzimodzi, mbali yakumanja itatsamira kukhoma pansi pa mpesa, yakumanzere ili padzuwa. Kachitseko ka petulo kanali mbali ya kumthunzi. Mirzo sanalakwitse. Galimotoyo inali ndi mitundu iwiri, ndipo iye ananyamula wolakwika.

Chitseko chonse sakanachimasula ndi mpeni. Kupita nayo galimoto kumsika, msewu wonse ukanadziwa dzuwa lisanalowe. Anayesa kupakapo phulusa lonyowa, litauma linayoyoka. Anayesa fumbi. Kenako anayang'ana khoma lija, anayang'ana kiyi.

Bwalo linali lopanikiza. Anapita kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kasanu ndi kawiri, thukuta likulowa m'maso, mpaka mbali ya mzere inagona kukhoma. Anasesa mapazi a matayala, anabwezera kiyi pamsomali.

Lachisanu a Safar anatsika m'takisi atavala magalasi akuda, akazi awo a Mastura atawagwira mkono. Zebo anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama.

"Mwayenda bwanji, bambo? Maso ali bwanji?"

A Safar anayang'ana galimoto yawo. Anali ataima pakati pa bwalo.

"Mastura, adokotala anati ndiziona bwino. Sananene kuti ndiziona zinthu chotembenuka."

"Mwatopa, tiyeni m'nyumba."

"Galimoto yanga imagona mphuno italoza kukhola. Lero yaloza kugeti. Yatembenuka yokha m'tulo?"

Pentiyo sanaione n'komwe. A Mastura anamuyang'ana Zebo, n'kugwira pakamwa.

Bodza linalipo pafupi: mwana wa aneba, mlamu, wina aliyense. Koma aliyense akanafunsidwa, ndipo mzere unali ukudikira kukhoma.

"Ndine, bambo. Firuz anauma thupi Lachiwiri. Ndinapita naye kuchipatala. Pobwera ndinakanda chitseko pageti. Ndapakapo penti, sinafanane."

"Mtengwa wanga, pa chiwongolero, mumsewu wa anthu."

"Mdzukulu wanu ali moyo."

"Sindinafunse zimenezo."

"Akadzaumanso ndidzaitenganso."

A Safar anavula magalasi. Maso awo anali ofiira, akuchucha misozi ya mankhwala. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Mastura, ndipatse foni. Ndimuyimbire Daler."

Zebo analowa m'chipinda. Ankakumbukira mmene mtengwa wamkulu anatulukira pageti lija ndi sutikesi yodzaza zovala, manja opanda mwana. Iye zovala sanazikhudze. Anatenga botolo la mankhwala, buku la kuchipatala ndi chikalata cha kubadwa kwa Firuz, n'kuzilowetsa m'chifuwa mwa diresi. Anamunyamula mwanayo ali m'tulo.

Pabwalo foni inali ikuitanabe ku Russia. Zebo anaika kachitini ka penti pawindo la apongozi, kabulashi pamwamba pake, n'kutulukira kukhomo la kudimba, kulowera kumene kumaima basi ya kwawo.